Mng'ono wanga sakugona, koma akuopa kupita kwa GP

NaMbewe (Leicester): Moni nonse a pa gulu. Ndabwera ndi nkhani yolemera, chonde mundiyankhe mofatsa. Ndimakhala ndi mng'ono wanga, mwana wa mayi aang'ono. Anabwera kuno ku UK pa viza yosamalira okalamba ndipo amagwira usiku. Chiyambire October wasintha. Akaweruka m'mawa sagona, amangokhala pampando jekete ali chivalire, foni ili m'manja koma osayankha aliyense. Ndikaphika nsima amangotema kawiri n'kusamba m'manja. Dzulo ndinamupeza akulira m'bafa, mpopi atautsegula kuti ndisamve. Ndamuuza kuti tipite kwa GP, dokotala wa kukiliniki ya kudera kwathu, wakana kwamtuwagalu. Akuti anzake kuntchito anamuuza kuti munthu wakuda ukangonena kuti mutu sukuyenda bwino amakutsekera m'chipatala, ndipo abwana akamva viza imathera pomwepo. Ana ake awiri ali ku Dedza ndi agogo awo, sakanatha kubwera nawo chifukwa lamulo linasintha mu March 2024. Kodi zomwe anamvazo n'zoona? Ndimuthandize bwanji?

Tiyamike: Pepani asisi. Mwachita bwino kulankhula. Mayi a Chikondi mulipo? Iyi ndi ya kuntchito kwanu.

Bambo Chisale (Luton): Pepani kwambiri mayi. Mwanayo timuike m'mapemphero. Ngati angathe abwere Lachisanu, ngati sangathe ifeyo tibwera konko. Musaiwale kuti munthu ukawoloka nyanja si onse kumudzi amene amakondwera nawe.

Mayi a Chikondi (Leeds): Ndilipo, ndangofika kumene. Kwa amene simundidziwa, ndine namwino wa odwala maganizo.

NaMbewe, tisanapite patali, chitani ichi lero lomwe. Khalani naye pansi mumufunse mosapita m'mbali kuti, kodi ukuganiza zodzipha? Ndikudziwa kuti pakamwa pamalemera, ndipo ambiri amaopa kuti akafunsa ndiye kuti amupatsa maganizowo. Sizili choncho. Munthu amene ali nawo kale nthawi zambiri amapepukidwa kuti wina wafunsa. Akayankha kuti inde ndipo waganiza kale njira yake, musamusiye yekha, imbani 999 kapena pitani naye ku A&E, mbali ya chipatala yolandira odwala mwadzidzidzi. Ngati zavuta koma sizinafike pamenepo, imbani 111 n'kusankha mbali ya thanzi la maganizo, amayankha usana ndi usiku. A Samaritans, bungwe lomvetsera anthu amene ali pa mavuto, ali pa 116 123, ndi ulere, ndipo safuna kuti munthu atchule dzina lake.

Tsopano za mantha akewo. Sindikunamizani kuti ndi mphekesera chabe. Ziwerengero za NHS, zipatala za boma, ku England zimaonetsa chaka ndi chaka kuti anthu akuda amagonekedwa mokakamiza pansi pa Mental Health Act ya 1983, lamulo la odwala maganizo, kuposa azungu katatu, zaka zina mpaka kupitirira kanayi, tikayerekeza ndi kuchuluka kwathu m'dziko muno. Ndimaziona ndi maso kuwodi. Koma muyang'ane khomo lomwe anthu athu amalowera. Mzungu akayamba kusowa tulo amapita kwa GP, amayamba uphungu kapena mankhwala ali kunyumba kwake, akupitabe kuntchito. Ife timapirira miyezi, banja limabisa, mpaka tsiku lomwe munthu wayamba kukuwa pamsewu kapena waswa zinthu m'nyumba, aneba n'kuimbira apolisi. Apolisi ali ndi mphamvu pansi pa gawo 136 la lamulo lomweli yomuchotsa munthu pamalo a anthu n'kupita naye kukapimidwa. Akafika m'manja mwathu ali wotopa, wamantha, atazunguliridwa ndi mayunifolomu, ndipo pamenepo tsankho limagwira ntchito yake: mnyamata wakuda wamantha amaonedwa ngati woopsa. Zimene mwafotokozazi, kusowa tulo, kulira, kusadya, GP amazimva tsiku lililonse. Satsekera munthu chifukwa cha zimenezi.

Kondwani (Coventry): Mayi, ndikukupatsani ulemu wonse, koma pamenepo ndikutsutsani pang'ono. Olaseni Lewis sanachedwe. Anali mnyamata wa zaka 23, wophunzira bwino, banja lake linamuthamangira, ndipo ku Bethlem Royal Hospital analowa mwa kufuna kwake mu 2010. Apolisi 11 anamupanikiza pansi mpaka anakomoka, patapita masiku ochepa anamwalira. Ndiye tikamauza anthu kuti mukapita msanga zonse zikhala bwino, tikuwauza theka la nkhani. Vuto si ife tokha ochedwa.

Mayi a Chikondi (Leeds): Achimwene, mwanena zoona ndipo sindibweza. Sindikufuna wina amve ngati ndikuti olakwa ndife. Mayi ake a Olaseni, amene ankadziwika kuti Seni, anamenya nkhondo zaka zambiri mpaka mu 2018 kunabwera lamulo lomwe anthu amalitchula ndi dzina lake. Lamuloli limakakamiza zipatala za odwala maganizo kulemba nthawi iliyonse yomwe agwiritsa ntchito mphamvu pa wodwala, kuphunzitsa antchito, komanso apolisi akaitanidwa kuwodi amayenera kuvala kamera. Tsankho silinathe ndi lamulo, ine ndimakumana nalo ngakhale ndili mu yunifolomu. Chomwe ndikunena n'chakuti pa makomo awiriwa, la GP ndi lomwe munthu amalowa mawu ake akumvekabe. Ndipo asalowe yekha. Wodwala amene m'bale wake amabwera, amafunsa dzina la dokotala, amalemba zomwe zanenedwa, amasamalidwa mosiyana. Siziyenera kukhala choncho koma ndi mmene zilili. Wina akagonekedwa mokakamiza, dziwani kuti gawo 2 la Mental Health Act ndi la masiku osapitirira 28, gawo 3 mpaka miyezi 6, ndipo ali ndi ufulu wopatsidwa womuyankhulira woima payekha, amamutcha IMHA, komanso wodandaula ku tribunal, bwalo loona ngati ayenera kutulutsidwa. Mabanja athu ambiri sauzidwa zimenezi momveka, ndiye muzifunsa.

Yamikani (Glasgow): Ine ndiyankhe za viza, poti ndakhala pa ntchito yosamalira anthu nthawi yaitali ndipo ndili mu UNISON, bungwe loyimira ogwira ntchito. GP sapereka nkhani ya matenda anu kwa abwana popanda chilolezo chanu. Masiku 7 oyamba mukadwala mumangodziwitsa kuntchito nokha, kupitirira apo m'pamene pamafunika fit note, kalata ya dokotala yopita nayo kuntchito. Chomwe chimaika viza pangozi ndi kungosowa osanena: sponsor, kampani yomwe inakubweretsa pa viza, amayenera kudziwitsa Home Office, unduna woona za maviza, munthu akajomba masiku ogwira ntchito opitirira 10 otsatizana popanda chilolezo. Ndiye taonani, munthu amene akubisa matenda mpaka tsiku lina kulephera kudzuka ndi kuzimitsa foni ndi amene ali pafupi ndi vuto, kuposa amene wapita kwa dokotala n'kutenga pepala. Statutory Sick Pay, ndalama zomwe abwana amapereka mwalamulo munthu akadwala, si public funds, thandizo la boma loletsedwa kwa a viza, musaope. Ndipo amene ali pa Health and Care Worker visa salipira kwa GP.

Mabwana ena amaopseza dala, amadziwa kuti tili ndi mantha. Kampani ina yomwe ndinagwirako kale, ukapempha tsiku lopuma ankayankha kuti kumbukira amene anakubweretsa kuno. Zoterozo muzisunga mameseji, imbirani ACAS, bungwe lolangiza pa nkhani za kuntchito, malangizo awo ndi aulere. Kwa a kuno ku Scotland, kulinso Breathing Space, foni ya amene maganizo awalemera, amayankha madzulo ndi kumapeto kwa sabata.

NaMbewe (Leicester): Zikomo. Za masiku 10 sindimadziwa. Akadzuka ndilankhula naye.

Tiyamike: Bambo Chisale, ndikhululukireni, ndine mwana kwa inu, koma mawu aja oti kumudzi si onse amakondwera andiwawa. Munthu akugwira maola 12 usiku, sakuona dzuwa, ana ake ali kutali, ndiye tikamuuzenso kuti pali wina akumulodza? Tikumuwonjezera mantha pa mantha. Azakhali anga ku Blantyre anazungulira nawo mapemphero ndi asing'anga chaka chonse, pofika ku Zomba Mental matenda anali atakula. Atayamba mankhwala anabwerera mwakale, mpaka lero akugulitsa zitenje ku Limbe.

Bambo Chisale (Luton): Mwanawe, ndakumva. Sindinanene kuti asapite kuchipatala. Ineyo ndimamwa mankhwala a BP m'mawa uliwonse ndipo ndimapemphera ndikamamwa. Koma inu achinyamata musatayenso pemphero ngati chinthu chachabe. Munthu akasweka mtima kuno, ndani amakagogoda pakhomo pake? Ndi a mpingo. Wa uphungu amakuona ola limodzi pa sabata, masiku enawo uli ndi ndani?

Mayi a Chikondi (Leeds): Bambo, pamenepo mwalasa, ndipo n'chifukwa chake ndimafuna atsogoleri a mipingo akhale mbali yathu. Kuwodi timaitana abusa ndi mashehe, odwala amalimba nawo mtima. Zomwe zimandipweteka ndi ziwiri. Choyamba, kuuza munthu kuti ataye mankhwala posonyeza chikhulupiriro. Mankhwala amenewa akasiyidwa mwadzidzidzi munthu amadwala kwambiri, ena amabwerera kuchipatala ali oipirapo. Chachiwiri, kumuika munthu wosagona kale pa kusala kudya ndi mapemphero a usiku wonse. Thupi lake likufuna tulo ndi chakudya. Mukabwera Lachisanu, bwerani ndi mphika wa ndiwo, pempherani mwachidule, ndipo mumuuze ndi pakamwa panu kuti kupita kwa dokotala si kuchepa chikhulupiriro. Akamva kwa inu zilowa kuposa akamva kwa ine.

Bambo Chisale (Luton): Zimenezo ndingathe. Akuluakulu anati mbewa ya manyazi inafera kuuna. Ndikalankhulanso ndi abusa kuti nkhaniyi tiikambe pa guwa.

Kondwani (Coventry): Poti tayamba, ndinene zanga. Chaka chomwe bambo anga anamwalira sindinapite kumaliro, mapepala anali asanatuluke. Maliro ndinaonera pa foni, mlongo wanga atainyamula m'mwamba kumanda, netiweki ikudukaduka, ine ndili m'galimoto panja pa nyumba ya kasitomala. Itatha ndinapukuta nkhope n'kulowa kukamusambitsa. Kuchokera pamenepo ndinayamba kumwa ndekha m'chipinda, ndipo kunyumba ndinkapsa mtima ndi kanthu kakang'ono. Akazi anga ndi amene anandilembetsa ku NHS Talking Therapies, uphungu wa boma wa zamaganizo. Ku England munthu wa zaka 18 kupita m'tsogolo amene ali ndi GP angathe kudzilembetsa yekha pa intaneti, osalipira.

Mlangizi woyamba sitinamvane. Ndinamufotokozera za gogo wina amene ankakana kuti ndimugwire, ankati abweretse mzungu, ndipo ofesi inkangondisuntha ine osanena kanthu. Iye anandifunsa ngati sindikuganiza kuti mwina ndinamva molakwika. Ndinatuluka ndili wotopa kuposa mmene ndinalowera. Ndinapempha wina, ndipo n'zololedwa kupempha. Wachiwiri anali mayi wochokera ku West Africa. Nditangotchula kuti ndine woyamba kubadwa, anandifunsa kuti ndi anthu angati amene amadya kuchokera m'thumba langa. Sindinafunikire kumuphunzitsa chifukwa chake maliro osapitako amapweteka chonchi. Tinayamba ntchito tsiku lomwelo.

Tiyamike: Zikomo achimwene, amuna ambiri sanganene zimenezi pagulu. Kwa ofuna mlangizi wakuda, kuli Black Minds Matter UK, inayamba mu 2020, amalumikiza anthu akuda ndi alangizi akuda mwaulere, ngakhale mzere umatalika nthawi zina. Kulinso BAATN, ali ndi mndandanda wa alangizi akuda ndi ochokera ku Asia, koma ambiri mwa iwo ndi olipira. Amene kulankhula kukuwavuta angalembe meseji ku Shout pa 85258.

Mayi a Chikondi (Leeds): Ndiwonjezere kuti khungu lokha si chitsimikizo. Ndagwira ndi azungu omvetsera bwino kwambiri, ndaonanso akuda anzathu oweruza. Pokumana koyamba mufunseni ngati anathandizapo anthu ochoka kunja, ndi mmene amaionera nkhani ya tsankho. Mmene ayankhire mudziwa.

NaJere (woyang'anira gulu): Ndakhala ndikuwerenga. Ine ndikufuna tikambe za kudzisamalira, chifukwa mzere wa uphungu ungatenge masabata, nanga pakadali pano? Kwa ife ogwira mashifiti, kudzisamalira kumayamba ndi tulo. Lamulo limati pakati pa shifiti ndi inzake pakhale maola 11 opuma, ndipo ogwira usiku ali ndi ufulu wopimidwa thanzi mwaulere. Koma ndani amafunsa? Foni ikalira kuti wina sanabwere, timavomera tisanaganize. Gulani makatani ochindikala, foni izikhala kukhitchini mukamagona. Mukadzuka tulukani panja kukadali kowala, chifukwa December muno 4 koloko kwada kale. Ndipo NHS imalangiza anthu a khungu lakuda kumwa vitamin D mamaikirogalamu 10 tsiku lililonse chaka chonse, osati nyengo yozizira yokha. Si mankhwala a kukhumudwa, koma thupi lathu silipanga yokwanira ndi dzuwa la kuno.

Chachikulu kwa ine ndi ndalama za kumudzi. Ndinaika malire. Ndimatumiza kamodzi pa mwezi, kwa munthu mmodzi, ndipo onse akudziwa tsiku lake. Mameseji a pakati pa mwezi ndimayankha Lamlungu.

Mphatso: Anti, zimenezo n'zosavuta kunena ana anu ali kuno. Fizi siidikira Lamlungu. Feteleza sadikira. Mayi akadwala usiku ku Ntcheu ndiwauze kuti tsiku langa lotumiza silinakwane? Ena tinabwera ndi ngongole ya ejenti, kumudzi anagulitsa malo kuti tikwere ndege. Shifiti yowonjezerayo ndi imene ikubweza. Mukamati tizikana, mukutiuza kuti tisankhe pakati pa mutu wathu ndi ana athu.

NaJere (woyang'anira gulu): Mphatso, ndakumva ndipo sindikupeputsa. Matenda a mayi ndi nkhani ina, pamenepo tonse timadzuka. Ndikunena za zinazi: msuweni akufuna foni yatsopano, wina akufuna mpamba wa bizinesi yachitatu, wina wangolemba kuti tiwoneniko. Kumudzi amaona mapaundi akasinthidwa kukhala makwacha, saona lendi, council tax, basi, magetsi. Ifenso tili ndi mbali yathu, timatumiza zithunzi tili pa malo okongola, sitinatumizepo chithunzi cha mapazi otupa. Ine tsiku lina ndinawawerengera achimwene anga ndalama zonse zolowa ndi zotuluka, mzere ndi mzere. Anakhala chete, kenako anati sitimadziwa. Kuyambira pamenepo ndi iwo amene amabweza anthu.

Yamikani (Glasgow): Mphatso akunena zoona pa ngongole. Koma tiwerengenso mbali inayi. Ukagwa, Statutory Sick Pay ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi malipiro a mashifiti, ndiye fizi yomweyo imaima miyezi. Kusiya shifiti imodzi pa sabata kumapweteka m'thumba, koma n'kochepa poyerekeza ndi zimenezo. Ndipo za ejenti, kulipiritsa munthu kuti umupezere ntchito n'koletsedwa m'dziko muno. Ndilembere kumbali tione ngati pali chochita.

Mphatso: Ndikulemberani. Koma ndisaname, mwezi uno sindingasiye shifiti.

Mayi a Chikondi (Leeds): Palibe akukuweruza mwanangu. Yamba ndi tsiku limodzi lomwe uli kale pa off, ulisunge likhale logona ndi kudya chakudya chotentha. Ukaona kuti tulo takana kwa masabata awiri, kapena zomwe unkakonda sizikukomanso, usadikire.

Agogo NaPhiri (Slough): Ana anga, ine ndinabadwira ku Mbare ku Harare, makolo anachoka ku Dowa kukagwira ntchito. Kumeneko kuli ntchito yomwe anayambitsa dokotala Dixon Chibanda, amaitcha Friendship Bench. Anaona kuti madokotala a maganizo ndi ochepa kwambiri m'dziko lonse, ndiye anaphunzitsa agogo aakazi kukhala pa benchi panja pa kiliniki. Munthu amabwera, amafotokoza, gogo samulalikira ndipo samuuza chochita. Amamuthandiza kutchula mavuto ake, kusankha limodzi loti ayambe nalo, n'kupangana chochita sabata imeneyo. Amakumana kangapo, kawirikawiri ka 6. Atafufuza mu 2016 anapeza kuti amene anakhala pa benchi anapeza bwino kuposa amene analandira chithandizo cha masiku onse. Chomwe ndikunenera n'chakuti agogowo anaphunzitsidwa, ndipo amadziwa nthawi yotumiza munthu kwa namwino. Komanso amasunga chinsinsi. Ife pa magulu athuwa vuto ndi pakamwa. Munthu akaulula lero, mawa nkhani yafika ku Area 25. Tikafuna kuthandizana tiyambe ndi kutseka pakamwa.

NaJere (woyang'anira gulu): Agogo mwanena. Ndikuchenjeza pano: aliyense wojambula zokambiranazi n'kutumiza kwina achotsedwa pa gulu, osafunsidwa.

NaMbewe (Leicester): Ndabwerera. Ndamufunsa funso lija, mawu ananjenjemera koma ndafunsa. Akuti zodzipha ayi, amaganiza za ana, koma akuti watopa moti amalakalaka atangogona osadzuka kwa mwezi. Ndamuwerengera zomwe a Yamikani alemba za viza. Wavomera kupita ngati ndilowe naye. Kodi tikanene chiyani? Chingerezi amachidziwa koma akaona dokotala amangoti ndili bwino.

Mayi a Chikondi (Leeds): Mwachita chinthu chachikulu. Imbani m'mawa akangotsegula, kapena lembani fomu ya pa intaneti, munene kuti ndi nkhani ya maganizo ndipo ikufunika msanga. Nthawi ya GP ndi yochepa, mphindi 10 basi, ndiye lembani papepala musanapite: zinayamba liti, amagona maola angati, akudya bwanji, watsika thupi kapena ayi, amagwira mashifiti otani, ana ali kuti. Mawu aja oti atangogona osadzuka muwalembe mmene wawanenera, dokotala ayenera kuwamva. Akalephera kulankhula angopereka pepalalo. Pemphani kuti amuyeze magazi, chifukwa kuchepa kwa magazi, chithokomiro ndi vitamin D zimabweretsanso kutopa kotere. Akamupatsa mankhwala afunse dzina lake, zovuta zake, ndi tsiku lobwerera. Amatenga masabata angapo kuti ayambe kugwira, ndipo masiku oyamba ena amamva nseru kapena mutu, asasiye yekha osafunsa. Ngati sakufuna mankhwala anene, uphungu ulipo. Afunsenso fit note, ingathe kunena kuti achoke kaye pa usiku apite pa masana. Funso lija muzimufunsabe masiku akubwerawa, ndipo mankhwala ambiri asakhale m'chipinda mwake. Inunso NaMbewe mukhale ndi wina wokuthandizani, musasenze nokha.

Tiyamike: Ine Loweruka ndili pa off, Leicester si patali. Ndibwera ndi ufa ndi usipa, inu mukapume.

Kondwani (Coventry): Amuna a pa gulu lino mwangokhala chete koma ndikuona mukuwerenga. Atatu mwandilembera kale kumbali. Bwanji tizikumana pa foni Lamlungu madzulo, ife tokha, opanda mowa, opanda ndale? Sindine mlangizi, ndingotsegula ndi kumvetsera. Mayi a Chikondi, mungatipatse theka la ola tsiku loyamba, mutiuze zizindikiro zoti munthu timutumize kwa dokotala?

Mayi a Chikondi (Leeds): Lamlungu lino ndili pa shifiti mpaka 8 koloko. Lotsatiralo ndingathe.

Bambo Chisale (Luton): Mundilembe nanenso. Kwa a kufupi ndi Luton, chipinda chaching'ono cha kutchalitchi chimakhala chopanda anthu mapemphero akatha, makiyi ndimasunga ndine. Amene si a mpingo wathu abwerenso, sitifunsa.

NaJere (woyang'anira gulu): Chabwino. Manambala onse omwe atchulidwa ndawaika pamwamba pa gulu. A Kondwani, tumizani nthawi yeniyeni pofika Lachinayi kuti a mashifiti a usiku aone ngati angasinthane ndi anzawo.